Pa fomu adalembapo kuti "palibe"

Uthenga wa amalume udafika Lachiwiri usiku, mawu ojambula pa WhatsApp, pa nambala ya mnyamata wina amene amatchajitsa mafoni pa Nsanje boma. "Iwe mwana wa mlongo wanga, bwera udzatiwerengere mapepalawa, ali m'Chingerezi. Agogo ako akukana kudya."

Nditamva mawu omalizawo ndidadziwa kuti nkhani si ya mapepala okha. Agogo anga sadwaladwala. Akakankha mbale ya nsima, ndiye kuti pakhomo pali mlandu.

Loweruka m'mamawa ndidakwera minibasi ku Blantyre. Amene mudatsikapo phiri la ku Chikwawa mukudziwa momwe zimakhalira: makutu amatseka, mabuleki amanunkha, ndipo pofika pa Thabwa juzi ija yasanduka katundu. Tidawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kudutsa Dyeratu, kenako nzimbe za ku Nchalo, zobiriwira mbali zonse ngakhale udali mwezi wa Okutobala, minda ya anthu ili gwaa. Nzimbezi zidafika kuno m'zaka za m'ma 1960, nthawi ya Sucoma, ndipo akuluakulu a kumeneko amakumbukabe midzi imene idasuntha kuti zipeze malo. Lero nkhani yomwe ili m'kamwa mwa aliyense ndi ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira kuti idzathirire mahekitala 43,370 mpaka cha ku Bangula. Bambo amene adakhala pambali panga ankaiyamikira kwambiri. Mayi wa kumbuyo kwathu adangofunsa kuti: "Nanga amene yawadutsira pamunda?" Palibe adayankha, kondakitala adayamba kutolera ndalama.

Ku chigwa kuno chitukuko timachifuna, asakunamizeni munthu. Njala timaidziwa, nyika tidadyapo. Koma tidaphunziranso kufunsa mafunso. Pa Nsanje boma, podikira wa kabaza, ndidapita kukakhala pa doko lija. Achinyamata ambiri simungakumbuke: mu Okutobala 2010 pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegula doko limeneli pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Loto lidali loti sitima zizichoka kunyanja ya mchere, kudzera mu Zambezi ndi Shire, mpaka pano. Koma dziko la Mozambique lidagwira bwato lonyamula feteleza lomwe limayenera kufika tsikulo, ponena kuti kafukufuku wa mtsinjewo adali asanachitike. Simenti ilipobe. Tsiku limenelo ndidapezapo ana akuwedza ndi mayi wina akuyanika zovala.

Kuwoloka

Kwathu kuchimake ndi m'dambo la Ndindi, kumwera kwa boma, m'dera la mfumu yaikulu Nyachikadza. Kulibe msewu wofika. Wa kabaza amakusiyani pagombe, kuyambira pamenepo ndi bwato, limene anzathu Achisena amati mwadiya. Amalume adabwera okha kudzanditenga. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kuseka. "A Naphiri, nsapato zoyerazi mukaponda nazo kuti? Vulani."

Munthu wokulira m'tauni samvetsa kuti dambo lili ndi misewu yake. Timadutsa m'tinjira ta madzi pakati pa bango ndi gumbwa, pena namasupuni atatseka mpaka amalume kuimirira n'kumakankha ndi nsungwi yaitali, pena pozama n'kubwerera ku nkhafi. Adandiletsa kuviika dzanja m'madzi, chifukwa ng'ona za kuno sizichita manyazi. Malo ena adakhota mwadala, kutalikitsa ulendo, ati pali mvuu ya mwana. Ine sindidaone kanthu, madzi okhaokha.

Kenako bango lidatha, n'kutulukira minda. Apa ndiime pang'ono, chifukwa anthu a kumtunda akamanena kuti "anthu a ku Nsanje ndi amakani, amakonda thandizo, n'chifukwa chake sasamuka", sadaone zimene ndidaona ine. Mu Okutobala, dziko lonse likudikira mvula, kuno chimanga chili ndi ngayaye, mbatata yayanga, nyemba, maungu, tomato. Feteleza sathira. Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba ndi amene amasiya dothi latsopano akamaphwa, ndipo chinyontho chimakhala pansi chaka chonse. Munthu amakolola kawiri, wakhama katatu. Mlamba ali pakhomo. Chimanga chachiwisi chimene mumagula pa msika wa pa boma nthawi ya chilimwe, chambiri chimachokera m'madimba ngati amenewa. Tsono mukamuuza munthu kuti asiye zimenezi apite kumtunda, ku mphala kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo, mukhale ndi yankho la chimene akadye.

Koma mbali inayo iliponso, ndipo amalume saibisa. Mu 1997, chaka chimene madzi adadula msewu ndi njanji pa Mtayamoyo pakati pa Bangula ndi Chiromo, boma lidanena kuti dera la Nyachikadza si loyenera kukhalamo anthu, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya kusamuka sidathe. Madzi adabweranso mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana amene adaononga ngakhale damu la magetsi la Kapichira, ndiye Freddy mu Malichi 2023, amene adasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'dziko muno. Usiku wa Freddy amalume adagona m'bwato ndi ana anayi, atalimangirira ku mtengo. "Wamng'onoyu ndinamumanga ndi chitenje pachifuwa panga," adatero osandiyang'ana. "Ine ndatopa, mwana wa mlongo wanga. Ndikufuna ana azigona kumtunda. Koma amayi…"

Mapepala aja

Agogo ndidawapeza pamphasa kuseri kwa nyumba, akusenda mbatata imene sankafuna kudya. Ndidagwada, tidapatsana moni, adandigwira masaya n'kunena kuti ku Blantyre kulibe chakudya. Za mapepala sadatchule. Amalume ndi amene adawatulutsa mu jumbo imene adaisomeka kudenga.

Adali masamba anayi, kope la fomu imene anthu ena a kalembera adadzaza atabwera miyezi iwiri m'mbuyomo kudzafunsa mabanja za kusamuka. Sindiwatchula, ndipo sindikuwanena kuti ndi oipa. Mafunso ambiri adali abwinobwino: anthu angati pakhomo, nyumba ya chiyani, mbuzi zingati, munda waukulu bwanji. Pa tsamba lachitatu padali funso lakuti kodi pamalopo pali malo opatulika kapena ofunika pa chikhalidwe, ndipo ngati alipo, afotokozedwe. Pa mzere wa manda adachonga. Pa mzere wotsatira, wa malo ena opatulika, padali liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti palibe.

Nditawerenga mokweza, mpeni wa agogo udaima.

Amalume adafotokoza momwe zidayendera. Msonkhano udachitikira pansi pa mtengo, amuna pamipando ndi pazitsa, amayi pansi chapatali monga mwa nthawi zonse. Wofunsa adali mnyamata waulemu ndithu, wa tabuleti m'manja. Atafika pa funso limenelo, amuna adatchula manda. Adafunsanso kuti: "Palinso ena?" Amuna adatembenukira kwa amayi. Amayi adayang'ana pansi. Mnyamatayo adadikira pang'ono, n'kulemba, n'kupitirira pa funso la zitsime.

"Ndiye amayi akuti ine ndagulitsa mudzi," adatero amalume. "Ine ndikanati chiyani? Za kumeneko sindizidziwa, ndipo sindiyenera kuzidziwa."

"Kumeneko" ndi kachitunda kena kumapeto kwa minda, pali migwalangwa itatu ndi tchire lowirira limene silidaonepo khasu. Ndili mwana tinkadziwa kuti anyamata safikako, ngakhale mbuzi italowera kumeneko amatuma ntchembere. Madzi akasefukira, kachitundako kamatsala poyera, koma sindidamvepo kuti mwamuna adathawirako.

Madzulo amalume atapita kukaonjola ukonde, ndidayesa mwayi. "Agogo, tandiuzani ineyo, ndine mkazi. Ndikalembe bwinobwino kuti asadzakhudzepo."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe unavinidwa?"

"Ayi, agogo. Tinapita ku chilangizo cha kutchalitchi."

"Unabereka?"

"Ayi."

"Ndiye ukufuna ndikuuze kuti ukaike mu foni?"

Ndidaseka, koma zidandilasa. Ndidabwera ndi madigiri anga kudzapulumutsa malo a makolo, ndipo pakhomo pa nkhaniyo ndidabwezedwa chimodzimodzi mnyamata wa tabuleti uja.

Chilumba china, kutali

Usiku umenewo, udzudzu ukuimba kunja kwa neti, ndidakumbukira nkhani imene tidaphunzira ku koleji, ndipo m'mawa ndidawafotokozera onse awiri tikumwa tiyi.

Ku South Australia, kumene mtsinje wa Murray umathirira m'nyanja, kuli chilumba chimene azungu amati Hindmarsh Island, koma eni dziko, anthu a mtundu wa Ngarrindjeri, amati Kumarangk. Anthu ankawolokerako pa pantoni kuchokera m'tauni ya Goolwa. Banja lina la bizinesi, Tom ndi Wendy Chapman, linkakuza malo oimikapo maboti ndi nyumba pachilumbapo, ndipo pankafunika mlatho. Mu 1994 amayi ena a Ngarrindjeri, mmodzi mwa atsogoleri awo ali Doreen Kartinyeri, adati mlathowo udzaononga malo opatulika a amayi, koma chifukwa chake sichingauzidwe kwa amuna. Zina mwa zinsinsizo zidalembedwa n'kumatidwa mu maenvulopu oti atsegule ndi akazi okha. Nduna yoona za eni dziko, Robert Tickner, idaletsa mlathowo kwa zaka 25.

Apa ndi pamene nkhaniyi imapweteka. Khoti lidachotsa chiletsocho mu 1995, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti ndunayo, pokhala mwamuna, sidawerenge yokha zimene zidali m'maenvulopu muja. Ndiye kuti ikadawerenga ikadaphwanya mwambo wa amayiwo, ndipo posawerenga idaphwanya lamulo. Kenako amayi ena a mtundu womwewo adatulukira n'kunena kuti iwo sadamvepo za chinsinsi chimenechi. Boma la chigawocho lidakhazikitsa bungwe lofufuza, amayi osunga chinsinsi aja adakana kukaonekera, ndipo kumapeto kwa 1995 bungwelo lidagamula kuti nkhani yonseyo idali yopeka. Nyumba ya malamulo ya dzikolo idapanga lamulo lapadera mu 1997 lotsegulira njira mlathowo, ndipo udatsegulidwa mu Malichi 2001.

Patangopita miyezi isanu, woweruza John von Doussa, pa mlandu wina wokhudza nkhani yomweyi, adati umboni umene adauona sukumukhutiritsa kuti amayiwo adapeka. Mu 2010 boma la South Australia lidavomereza poyera kuti chikhulupiriro chawo n'chenicheni. Doreen Kartinyeri adali atamwalira mu 2007. Magalimoto akudutsabe pa mlathowo.

Amalume adapukusa mutu. "Ndiye anawina chiyani?"

Agogo sadafunse za mlatho. Adafunsa za amayi ena aja, amene adati sadamvepo. Nditafotokoza, adangoti: "Mwina sananame. Mwina sanauzidwe. Ngati iweyo."

Mawu amenewo ndakhala ndikuwatembenuza. Kunena zoona, mnyamata wa tabuleti akadandifunsa ine ku Blantyre kuti kwanu kuli malo opatulika a amayi, ndikadati sindikudziwa, mwinanso ndikadati zimenezo n'zakale. Ndipo yankho langa, la munthu wophunzira, likadalemera kuposa kukhala chete kwa agogo. Fomu imafuna chinthu chimene chingalozedwe, kujambulidwa, kuyezedwa ndi kuikidwa mtengo wa chipukuta misozi. Manda amalowamo bwino, chifukwa amawerengeka. Koma pali malo ena amene mphamvu yake ili pa kusanenedwa, ndipo ukangowafotokoza kuti uwateteze, wawaononga kale ndi pakamwa pako.

Khulubvi

Si kuti ku chigwa kuno sitidziwa kusunga malo otere. Pafupi ndi Nsanje boma pali nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, wodziwika ndi nkhani za mvula pakati pa Amang'anja. Nkhani yake imati adani adamuthamangitsa kuchokera kumtunda, zida zawo zidakanika kumulasa mpaka iye mwini atawauza chomuphera, adamudula mutu, ndipo magazi ake adayenda ngati mtsinje. Mutuwo udaikidwa ku Khulubvi. Wansembe wa Chikatolika wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene adagwira ntchito m'chigwa muno zaka zambiri, adalemba buku la mbiri imeneyi lotchedwa River of Blood, lomwe lidatuluka mu 1992, ndipo Steve Chimombo adalemba sewero la The Rainmaker pa nkhani yomweyi. Kumeneko sulowa ndi nsapato, sudula mtengo, sutola nkhuni, ndipo nsalu yake ndi yakuda. Mafumu Lundu, Tengani, Ngabu ndi Malemia onse ali ndi mbali yawo pa za kachisiyu. Mu 2011 dziko la Malawi lidaika Khulubvi pa mndandanda wa malo amene likufuna kuti UNESCO idzawazindikire.

Mukayang'ana mapiri ozungulira Nsanje, mitengo idatha ndi makala. Khulubvi ili chiimire. Palibe mpanda wa waya, chaisunga ndi ulemu ndi mantha. Ndipo kachisiyu adalowererapo pa nkhani za chitukuko kalekale. Cha m'ma 1950, atsamunda atakakamiza anthu kulima mizere, anthu a kuno adakana, ponena kuti nthaka yawo ya chigwa siifuna zimenezo, ndipo mawu ochokera kwa Mbona adali kumbali ya okanawo. Wolemba mbiri Elias Mandala adafotokoza za mkangano umenewu, womwe anthu adautcha nkhondo ya mitumbira.

Koma Khulubvi ili ndi dzina, mafumu, mabuku ndi mapulofesa. Wojambula mapu sangaiphonye. Kachitunda ka agogo kalibe chilichonse mwa zimenezi. Kali ndi amayi okalamba asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mwa iwo sakuonanso bwino. M'chigwa chonsechi, kuyambira ku Kapichira mpaka ku Marka, malo ang'onoang'ono otere ndi amene amakumana ndi thirakitala popanda wowalankhulira.

Amalume ali ndi nkhawa yawoyawo. Iwo amati dothi ngati ili silikhala lopanda mwini. "Tikachoka tonse, mawa udzamva kuti kwabwera wina wa mpunga kapena wa nzimbe, ndipo pepala lidzati panalibe kanthu. Si ndi ili, lalembedwa kale?" Palibe amene wabwera kudzanena zotero, ndi mphekesera chabe za pagombe. Koma munthu amene adaona Nchalo ndi doko lija simungamuletse kuganiza motero.

Chimene tidalemba

Lamulungu madzulo agogo adaitanitsa anzawo. Adabwera anayi, mmodzi atatsogozedwa ndi kamdzukulu. Ine ndi amalume tidauzidwa kuti tikaone mbuzi. Tidakhala kumeneko mpaka dzuwa kufiira, tikumva mawu okha osamva nkhani, nthawi zina kuseka.

Atatiitana, agogo adati nditenge cholembera. Ndidafunsa ngati ndilembe m'Chingerezi. Adati ayi, amene akufuna kumva apeze womasulira, monga momwe iwo adapezera ine. Ndiye m'mphepete mwa tsamba lachitatu, pafupi ndi liwu lija, ndidalemba zimene adanena, liwu ndi liwu: "Malo alipo. Ndi a amayi. Tumizani mzimayi wamkulu, wobereka, abwere yekha wopanda foni. Tidzamusonyeza polekezera, osati za m'kati."

Amayi onse asanu adadinda chala pogwiritsa ntchito inki ya cholembera changa chimene tidachithyola. Amalume adalonjeza kukapereka kope kwa nyakwawa ndi kukasiya lina kumene kudachokera fomuyo. Ngati adzatumizedi mzimayi woteroyo, kaya. Maofesi ambiri ali ndi malamulo a momwe angalipirire mtengo wa mango, koma sindidaonepo fomu yokhala ndi mzere wa "zilipo koma sitinena".

Za kusamuka adagwirizana pakati. Mvula isanayambe, azakhali, akazi a amalume, apita ndi ana kumtunda kumene abale adawapatsa kamalo, kuti ana azipita kusukulu osawoloka madzi. Amalume azikhala uku ndi uku, chifukwa munda sungasiyidwe. Ine ndidawauza agogo mosabisa kuti ndikadakonda nawonso apite, kuti Freddy wina akadzabwera amalume sangathe kumanga anthu awiri pachifuwa. Adandimvetsera mpaka kumaliza, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Ndamva, mdzukulu wanga," adatero. "Madzi akafika pa chitsa icho ndidzakwera bwato, sindine chitsiru. Koma akaphwa ndidzabwera. Kuli ntchito imene sindinaisiyire munthu."

Usiku umenewo adadya nsima ya mlamba wowamba, mitanda iwiri, n'kudandaula kuti mchere wachepa.

Lolemba m'bandakucha amalume adandiwolotsa. Tikudutsa cha kumapeto kwa minda, migwalangwa itatu ija idaonekera pamwamba pa bango, dzuwa likuitulukira kumbuyo. Dzanja langa lidapita lokha m'thumba kukatenga foni. Amalume, amene nkhope adali atatembenuzira kale mbali ina, adangoti: "A Naphiri." Ndidaibweza.

Pagombe ndidavala nsapato zanga zoyera zija. M'chikwama mudali mbatata, chimanga chachiwisi, ndi uthenga wa agogo kwa amayi anga ku Chirimba: abwere mwezi wa Juni madzi akaphwa, okha, ndipo asaiwale nsalu.